Thabwa la Amake Mapasa

Kwa a Mmisiri tebulo la Khirisimasi silinkagulidwa kapena kubwerekedwa kwa aneba. Linkabwera pabasi, chidutswachidutswa, aliyense atapanira gawo lake m'khwapa.

Musaseke, ndi mmene zinalili. A Mmisiri anali kalipentala wa pashedi ya kuseri kwa nyumba yawo, munthu wamtali wowerama pang'ono, pensulo kukhutu, wosayankhulayankhula. Zaka makumi anayi ndi zisanu akupala matabwa zinawasiyira chala chimodzi chachifupi ndi chizolowezi chosisita chilichonse chosalala, kaya ndi chitseko cha eni, kaya ndi mutu wa mdzukulu. Theka la mipando ya mumsewu mwawo linali la manja awo. Koma m'nyumba mwawomo munali mothina, pabalaza pongokwana mipando itatu ndi kabati, moti tebulo lalikulu likanalowa, anthu akanatuluka. Ndiye ana atayamba kuchuluka, a Mmisiri anakonza mitanda iwiri italiitali ndi miyendo yochotsa, zomwe chaka chonse zinkagona kudenga kwa shedi. Pa Khirisimasi ankazitsitsa, kuziimika pabwalo pansi pa lona, n'kuyalapo matabwa mopingasa, munthu aliyense thabwa lake. Mwana akabadwa, thabwa. Wina akakwatira kapena kukwatiwa, mlendoyo ankamudulira lake.

Nzeru yoti aliyense azipita nalo kwawo thabwalo inali ya malemu akazi awo, mayi wamfupi amene ankaona patali kuposa amuna awo ataliataliwo.

"Mwana akhoza kuiwala makolo," ankatero mayiwo, "koma sangameze chakudya akudziwa kuti kwawo mbale zikugwera pansi chifukwa cha iyeyo."

Ndipo zinkagwiradi ntchito. Malamulo ake anali awiri okha, oti ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankawadziwa. Munthu akalephera kubwera, malo ake ankasiyidwa pululu, mpata weniweni woonekera pansi, ndipo tsiku lonse anthu ankautchula mpatawo dzina la mwini wake. "Taona iwe, supuni yagwera mwa amalume ako!" Galu wa pakhomopo ankaudziwa mwambowu kuposa wina aliyense, ankangokagona pansi pa mpata n'kumadikira mwayi wake. Lamulo lachiwiri linali lakuti thabwa loyalidwa mwini wake palibe ndi la womwalira yekha. La mayi a m'nyumbamo linkasungidwa m'shedi. A Mmisiri ankaliyala okha pambali pa lawo, n'kuikapo ketulo ya tiyi.

Chaka chonse matabwawo ankakhala moyo wa eni ake, ndipo a Mmisiri akawalandira ankawawerenga ngati makalata. La mwana wawo wachisamba linkabwera ndi mkombero wa mphika wa maluwa. La mdzukulu wina linkabwera litalembedwa masamu olakwika. Mlongo wawo, amene aliyense mpaka aneba ankangowatchula kuti Azakhali, ankaliika lawo kunsi kwa matiresi chifukwa cha msana, ndipo linkafika likununkha mafuta otikitira. Mwana wawo wamwamuna womaliza, Dalaivala, woyendetsa malole a mitunda italiitali, ankaliponya lake kuseri kwa mpando. Chaka china, lole itatitimira m'matope, analiika kunsi kwa jeke. Abale inu, thabwa la Khirisimasi kunsi kwa jeke! A Mmisiri anatha mwezi wathunthu osamuyankhula, koma Dalaivala sanazindikire n'komwe, poti bambo akewo ngakhale pamtendere sankayankhula kwenikweni.

Thabwa lomwe a Mmisiri ankalidikira ndi mtima wonse linali la mkazi wa Dalaivala, Amake Mapasa. Mayiyu atangokwatiwa, matabwa abwino anali atasowa pashedi, ndipo malemu aja anangoloza wadilopu yawo. "Chotsani chitseko chimodzi. Mwanayu ndamuona, ndi wokhalitsa." Kuyambira tsiku limenelo wadilopuyo inatsala ndi chitseko chimodzi ndi katani. Amake Mapasa ankachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo thabwalo ndi lomwe ankasitirapo. Linkabwera lotenthera bwino ngati buledi, lili ndi zipsera za simbi m'mbalimu, likununkha sopo ndi nsalu yofunda. A Mmisiri akaliika pamphuno ankatsinzina.

Anali ndi chifukwa. Akazi awo atadwala matenda aja owatenga, ana obereka okha ankabwera Lamlungu ndi zipatso m'jumbo, kuima pakhomo la kuchipinda, kupukusa mitu, n'kumapita. Amake Mapasa anasamukira pakhomopo miyezi isanu ndi iwiri. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwapesa tsitsi lomwe linatsalalo, ndipo masana ankasitira zovala za makasitomala m'chipinda momwemo kuti wodwalayo azimva kuti pali munthu. A Mmisiri ankamvera zonsezi ali kushedi, chopalira chili m'manja osachikankha. Maliro atatha anafuna kunena kanthu. Anayenda mpaka pakhomo la kukhitchini, anatsokomola, n'kufunsa ngati mwendo wa mpando uja unasiya kugwedera. Amake Mapasa anati unasiya. Basi, kuthokoza kwawo kunathera pomwepo.

Tsono chaka chimene tikunenachi, Dalaivala anachita zake. Patatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ali m'banja, anapeza mkazi wina wogwira ntchito pasaluni m'tauni ina ya m'njira yake, ndipo mwezi wachisanu wa chakacho ukwati wakale unatha. Amake Mapasa anatuluka m'nyumba ndi mapasa awo, ana aakazi awiri, n'kukapeza kachipinda ka lendi kutsidya kwa tauni. Achibale anayankhula, anayankhulanso, malovu mpaka kuuma. A Mmisiri okha anangoti duu. Ankati za m'banja la eni salowerera, koma kunena zoona anali amantha, ndipo iwo eni ankadziwa. Tsiku lililonse ankati mawa ndipita kukawaona apongozi anga, mawa n'kukhala mawa linzake, mpaka Disembala anawapeza asanapite.

Disembala ankawalowa a Mmisiri ngati tulo ta masana. Ntchito za anthu ankazisiya pambali. Ankatsitsa mitanda ija, kuipukuta fumbi, kuipaka mafuta pang'onopang'ono ndi kansanza, kenako n'kukhala pabenchi msana atatsamira khoma. Dzuwa linkalowa m'timabowo ta malata n'kuima m'shedimo ngati timizati toyera, utuchi ukuyandama m'menemo osafulumira. Akatero maso ankalemera, ndipo ankamva akazi awo akuwerenga mbale kukhitchini, kulakwitsa, n'kuyambiranso. Ankaona tebulo lija lili lalifupi, la matabwa anayi okha, ana miyendo ili lendelende osafika pansi. Kenako linkatalika lokha, kudutsa pabwalo, kutuluka pageti, kulowa mumsewu, anthu amoyo ndi omwalira atakhala mosakanikirana akupatsirana mchere. Chaka chino malotowo ankathera pamalo amodzi. Ankayenda m'mbali mwa tebulolo dzanja likusisita matabwa, limodzi limodzi, mpaka dzanjalo linkagwera mumpata. Ankadzidzimuka n'kuyang'ana kugeti.

Funso linali limodzi ndipo sankalifunsa munthu. Kodi Amake Mapasa abwera?

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi pakhomo panadzaza. Matiresi anayalidwa mpaka m'khonde, nsapato zinaunjikana pakhomo, ana a m'nyumba zosiyanasiyana ankayang'anana mwamanyazi kwa mphindi zisanu kenako n'kuyamba kumenyanirana mpira. Kukhitchini kunali yakaliyakali, uyu akusankha mpunga, uyo akukangana ndi mnzake za amene anapsereza keke chaka chatha. Azakhali anakhala pampando wa pakhonde ngati wapolisi wa pamsewu, akulozera aliyense kolowera. Aliyense wofika ankayamba wapita kushedi kukapereka thabwa, ndiye kenako moni. Dalaivala anafika masana ndi mkazi watsopano uja, Wapasaluni, mtsikana woonda wa tsitsi lokonzedwa bwino, amene ankagwira chikwama chake ndi manja awiri ngati wina amulanda. Anagwada, anapereka moni, a Mmisiri anayankha bwinobwino, koma maso awo anali kunjira.

Dzuwa litapendeka, mapasa aja anatulukira pageti, atsikana a zaka khumi ndi zisanu ofanana ngati madontho a madzi. Anali awiri okha. Koma matabwa ananyamula atatu.

"Agogo," anatero mmodzi, maso ali pansi, "amayi akuti tikupatseni ili. Akuti zikomo kwambiri chifukwa cha zonse."

"Akuti alitsuka," anawonjezera winayo.

Analitsukadi. Analikwecha mpaka zipsera za simbi zinatsala pang'ono kufufutika, ndipo silinkanunkhanso sopo kapena nsalu, linkangonunkha madzi. A Mmisiri analilandira ndi manja awiri, analitembenuza, analitembenuzanso. Anangowasisita mitu atsikanawo n'kuwauza kuti akamwe tiyi.

Nkhani siigona panjira. Pasanathe mphindi khumi Azakhali anali ataima pakhomo la shedi, manja m'chiuno, Dalaivala ali kumbuyo kwawo akukanda m'mutu.

"Achimwene, apa Mulungu wakupeputsirani ntchito," anatero Azakhali. "Mlendoyu simunamudulire thabwa, ndakuonani, mwangokhalira kulota masana. Ndiye ili labwera lokha. Lipaleni pang'ono, mulipake vanishi, mawa akhalepo."

"Lili ndi mwini wake," anatero a Mmisiri.

"Mwini wake walibweza! Kodi mukufuna akulembereni kalata? Mukaliyala iye palibe, ndiye kuti mwamuika m'gulu la akufa, mwana wa eni ali moyo. Mukasiya mpata, tsiku lonse ana azidzati supuni yagwera mwa Amake Mapasa, mkazi watsopano ali pomwepo akumva. Mukufuna Khirisimasi kapena maliro? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wapachala ndi wa mphepo."

"Bambo, Azakhali akunena zoona," anatero Dalaivala. "Zinatha zija. Thabwa ndi thabwa basi."

Ha! Kumuuza kalipentala kuti thabwa ndi thabwa basi. A Mmisiri anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali, mpaka Dalaivala anakumbukira kuti pali katundu wina woti akatsitse m'galimoto. Koma Azakhali sanali olakwa pa zonse, ndipo n'zimene zinkawawa. Kuliyala kunali kulakwa, kusaliyala kunalinso kulakwa. A Mmisiri analiimika thabwalo pakona pafupi ndi la malemu akazi awo, n'kunena kuti aona mawa.

M'mawa wa Khirisimasi kunacha ndi kamvula kowaza, kenako kunayera. A Mmisiri anadzuka anthu ambiri akadali m'tulo, anaimika miyendo, anagoneka mitanda, n'kuyamba kuyala matabwa m'dongosolo lomwe linali m'mutu mwawo mokha. Ali mkati moyala anamva kutsokomola kumbuyo. Anali Wapasaluni, atavala diresi ya kutchalitchi, ataima patali.

"Bambo, pepani," anatero motsitsa mawu. "Ndinamva zimene ankanena Azakhali dzulo. Ine thabwa la mwini sindikulifuna. Ndikhoza kudyera pamiyendo, ndinazolowera kuntchito."

A Mmisiri anamuyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Anaona kuti mwanayo sanagone, ndipo anachita manyazi kuti dzulo lonse anamusungira chakukhosi pa mlandu woti mwina sunali wake yekha. Anachotsa tepi m'thumba.

"Tatambasulani mkono," anatero. Anayeza kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, n'kulemba pakhoma ndi pensulo. "Lanu ndikudulirani sabata ino, la inu nokha. Lero mukhala pa la amuna anu, iwowo adyere pamiyendo. Anazolowera m'lole."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, kenako anagwira pakamwa n'kuthamangira m'nyumba.

Anthu atapita kutchalitchi, ophika okha atatsala kukhitchini, a Mmisiri anatulutsa njinga yawo yakale, ya kachikwama ka zida kumbuyo. Anatenga thabwa la Amake Mapasa n'kulimangirira m'mbali mwa njingayo ndi chingwe. Atamaliza kumanga mfundo anaona kuti matabwa ali awiri. Linalo linali lawo lomwe, lakuda ndi ukalamba, loyamba pa onse. Sanakumbuke nthawi imene analichotsa patebulo. Anaima pang'ono akuliyang'ana, kenako anakoka chingwe kuti chilimbe. Mapasa anali atawauza njira dzulo lake: kuseri kwa bekale, geti yobiriwira, chitseko chomaliza.

Mawondo awo anali atasiya kale kupalasa, ndiye ankangoikankha njingayo. Tauni inali ngati yagona maso ali otsegula. Masitolo onse otseka, misewu yonyowa ikunyezimira, mabasi ataima m'mizere opanda munthu. Penapake wailesi inkaimba nyimbo ya Khirisimasi, nyimboyo inkawatsatira mpaka pakona n'kuwasiya m'manja mwa wailesi ina. Fungo la anyezi wokazinga linkatuluka m'mawindo. Ankadutsa zitseko zomwe anapanga okha zaka makumi atatu zapitazo, zina zitapakidwa penti wachilendo, ndipo ankazizindikira ngati ana a anthu amene anakula osawaona. Pamlatho anaona ngati akazi awo akuyenda mbali inayo ya njinga, dzanja lili pamatabwa kuti asagwedere, akung'ung'udza kuti mwachedwa, bambo inu, miyezi isanu ndi iwiri yonseyi munali kuti?

Anapeza bekale, anapeza geti yobiriwira. Kuseri kwake kunali mzere wa zitseko zisanu ndi chimodzi, zingwe zoyanikira zovala zili mbee, mpopi umodzi ukudontha. Chitseko chomaliza chinali chotsegula. M'katimo Amake Mapasa anali atagwada pansi, bulangete lopinda lili pasimenti, akusita. A Mmisiri anaima kaye osaodira. Anaona kuti zomwe ankasitazo zinali mayunifolomu a mapasa, ositasita kale, oti sukulu itsegulira mwezi wamawa. Ankatenga siketi pamulu wa kumanja, kuisita, kuiika kumanzere, ndipo mulu wa kumanzerewo unkaoneka kuti nawonso ubwereranso.

"Odi," anatero.

Amake Mapasa anatembenuka, simbi ili m'mwamba. Kenako anaiika pansi mofulumira, anakonza mpango kumutu, anakoka kampando kokhako ka m'chipindamo n'kukapukuta ndi dzanja.

"Bambo! Mwayenda wapansi mtunda wonsewu? Kwagwanji? Ana ali bwino?"

"Ana ali bwino. Kulibe chagwa."

Anakhala pakampandoko. Chipindacho chinali chaching'ono koma chosesedwa bwino: bedi limodzi, matiresi oimikidwa kukhoma, ndowa ziwiri zochapira, mbaula, ndi zovala za makasitomala zopachikidwa pamsomali. Amake Mapasa anakhala pansi chapatali, manja pamiyendo. Maso awo anapita panja, pomwe njinga inatsamira khoma, ndipo ataona matabwawo nkhope inasintha.

"Bambo, musandikakamize," anatero. "Sindingabwere. Sindingakhale patebulo paja n'kumapatsirana mbale ndi... Sindingathe. Ndilibe nanu chifukwa inuyo, kapena Azakhali, kapena wina aliyense. Koma thabwa lija ndinalipeza chifukwa cha ukwati, ukwatiwo unatha. Ndinaona kuti ndikalisunga ndikhala ngati wakuba."

"Sindinabwere kudzakutengani," anatero a Mmisiri.

Mawu anali atawakonza panjira ponse, koma atafika pakamwa anabalalika. Mpopi unkadontha panja.

"Apongozi," anayamba, "ine ndine munthu wopusa. Mayi anu atamwalira ndinabwera kukhitchini kudzakufunsani za mwendo wa mpando. Mukukumbukira?"

"Ndikukumbukira."

"Sindinkafuna za mpando."

"Ndinadziwa, Bambo."

"Mwana wanga atakulakwirani ndinakhalanso chete. Pamenepo ndiye ndinalakwa kwambiri, ndipo ndikupepesa. Thabwa lija sanakupatseni ndi Dalaivala. Dalaivala alibe wadilopu."

Amake Mapasa anafuna kuseka, koma m'malo mwa kuseka misozi ndi yomwe inabwera, ili mbwembwembwe, osaipukuta. A Mmisiri sanadziwe koyang'ana, ndiye anachita zomwe ankadziwa. Anatuluka, anamasula chingwe, analowa ndi matabwa awiri aja ndi kachikwama ka zida. Anavundikira ndowa ziwiri zija pakati pa chipinda, n'kuyalapo matabwawo.

Ali pomwepo foni inalira m'thumba. Anali Azakhali, ndipo mawu awo ankamveka mpaka panja.

"Achimwene, muli kuti? Tabwera kutchalitchi tapeza tebulo lili ngati m'kamwa mwa nkhalamba! Mpata pakati, mpata kumapeto! Galu wasokonezeka, sakudziwa kogona! Nkhuku yapsa, anthu akudikira pemphero lanu!"

"Pempherani inuyo, achemwali. Pakamwa muli napo."

"Mwati bwanji?"

"Ndati yambani kudya. Ine ndili kwa mwana wanga."

Anazimitsa foniyo n'kuibweza m'thumba. Chibadwire anali asanawadulepo mawu Azakhali.

Atabwerera kumatabwa aja anapeza vuto lomwe kalipentala wa zaka makumi anayi ndi zisanu pantchito anayenera kuliganizira asananyamuke. Matabwawo ankakana kugundana. Thabwa lililonse la tebulo lija linali ndi zikhomo ziwiri zamtengo m'mbali imodzi, zolowa m'mabowo a thabwa loyandikana nalo, ndipo a Mmisiri ankaboola mabowowo motalikirana mosiyanasiyana kuti lililonse lizilowa pa mnzake mmodzi yekha. Zikhomo za thabwa la Amake Mapasa zinali zoyezedwa pa la Dalaivala. Apa zinkangogunda m'mbali mwa la a Mmisiri, n'kusiya mpata wolowa zala ziwiri. Anayesa kulitembenuza, anayesa mbali inayo, koma ayi ndithu, kapu ikanati ikhale pakatipo ikanapendeka.

Anatsegula kachikwama n'kutulutsa kasowo kakang'ono. Koma sanadule. Anakaika pathabwapo, n'kubweza manja.

"Zikhomozi zikutsekereza," anatero. "Koma thabwali ndi lanu. Sindingadule musanalole."

Amake Mapasa anasendera pafupi. Anagwira chikhomo chimodzi ndi zala, chosalala chifukwa cholowa ndi kutuluka m'bowo limodzimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Mukadula, sililowanso pa la bambo a mapasa."

"Sililowanso."

"Ngakhale zinthu zitadzasintha."

"Ngakhale zitadzasintha."

Amake Mapasa anapitiriza kuchisisita chikhomocho. A Mmisiri anazindikira kuti mayiyu, ngakhale analikwecha thabwalo mpaka kuyera, zikhomozo sanazikhudze, ndipo mwina penapake mumtima anali akudikirabe kulira kwa lole pageti yobiriwira ija. Anamva chisoni, koma sanamufulumizitse.

"Nanga likapanda kulowa pamenepo," anafunsa Amake Mapasa osadzutsa mutu, "lidzakhala pati?"

"Pambali pa langa. Kumanzere kwanga kuli mayi anu. Kumanja kulibe munthu, ndi kumapeto kwa tebulo, mphepo imandipeza. Chaka chamawa, kapena chinacho, kapena tsiku limene mtima wanu udzafune. Mukapanda kubwera, ine ndizibwera kuno. Njira ndaidziwa tsopano."

Panja ana a aneba anadutsa akuthamanga, nsapato zatsopano zikulira pasimenti. Amake Mapasa anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Anaimirira, anakoka thabwa lawo kuti zikhomo zituluke kunja kwa ndowa, n'kulipanikiza ndi manja onse awiri kuti lisagwedere.

"Dulani, Bambo."

Kasowoko kanalira kanthawi kochepa chabe. Chikhomo choyamba chinagwa n'kugubudukira kunsi kwa bedi, chachiwiri chinagwera pabulangete. A Mmisiri anasalaza podulapo ndi chala chawo chachifupi chija, anauzira utuchi, n'kukankha matabwa awiriwo. Anagundana gwa, osasiya mpata ngakhale wolowa tsitsi.

Amake Mapasa anayang'ana kanthawi, kenako anadzidzimuka ngati munthu wodzuka kutulo.

"Mayo ine, Khirisimasi yake iti imeneyi! Bambo, m'nyumba muno mulibe nkhuku, mulibe keke. Ndili ndi buledi wadzulo ndi mazira awiri basi."

"Mazira awiri, anthu awiri," anatero a Mmisiri. "Mukufunanso chiyani?"

Amake Mapasa anakoleza mbaula, anateleka madzi, anakazinga mazirawo. Atabweretsa, mwachizolowezi anaika mbale ya apongozi awo patebulopo, yawo n'kuitenga kuti akadyere pakona, chammbali, monga ankachitira masiku wamba zaka zonsezi. A Mmisiri anagogoda ndi chala pathabwa loyera lija.

"Malo anu ndi apa, mwana wanga."

Amake Mapasa anaima mbale ili m'manja. Kenako anabwera, anakhala pansi moyang'anana nawo, n'kuika mbaleyo pathabwa lawo. Anathira tiyi m'makapu awiri, ndipo a Mmisiri anapempha shuga wina.